Mzinda Umene Unkanunkhira Chokoleti: Maswiti a ku York Anapita Kuti?

Lero tikamba za maswiti. Eya, maswiti omwewa. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti kodi nkhani za mbiri yakale zatha? Sizinathe ayi, ingodekhani.

Ine maswiti ndimawakonda, ndipo sindichita nazo manyazi. Tofi wokakamira m'mano, timaswiti towawasa tija, chokoleti, zonsezo ndi zanga. Koma pali chinthu chimene aliyense wokonda maswiti amadzachizindikira tsiku lina. Mukalowa m'supamaketi ku Britain kuno, mayina a maswiti ndi ambirimbiri, shelefu yonse mbuu. Mukatembenuza paketi n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo, eni ake ndi omwewomwewo: Nestlé, Mondelez, Mars, Ferrero, Haribo. Zaka 100 zapitazo sizinali choncho. Pafupifupi tawuni iliyonse inali ndi wophika maswiti wakewake. Funso la lero ndi lakuti anthu amenewa anapita kuti, ndipo kuti tiyankhe bwino titenga mzinda umodzi, York, kumpoto kwa England.

Tiyambe ndi shuga. Kale ku Britain shuga anali wa anthu olemera, ndipo maswiti oyambirira ankagulitsidwa ndi ogulitsa mankhwala, kuti mankhwala owawa amezeke. Shugayo ankachokera ku minda ya nzimbe ya ku Caribbean, yolimidwa ndi akapolo otengedwa ku Africa. Mtengo unayamba kutsika m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1874 boma linachotseratu msonkho wa shuga. Apa ndi pamene mwana wa munthu wamba anayamba kugula switi ndi kandalama kake.

Ndiye taganizirani, kuphika switi yolimba sikufuna zambiri. Mphika wa mkuwa, moto, shuga ndi madzi. Umawiritsa mpaka kutentha kufike pa madigiri pafupifupi 150, n'kukhuthulira patebulo lozizira, kuthira kafungo ndi mtundu, kukoka, kudula, basi switi yatheka. Mayi wamasiye ankatha kuyamba geni imeneyi m'khitchini mwake, monga momwe amayi kumudzi kuja amayambira ya mandasi ndi zitumbuwa. N'chifukwa chake dera lililonse linali ndi chake. Ku Harrogate tofi, ku Doncaster butterscotch, ku Kendal mint cake, ku Pontefract timakeke takuda topangidwa ndi muzu wa chomera chotchedwa liquorice, chimene ankalima m'minda ya m'tawuni momwemo. Maswiti ankakhala m'mabotolo akuluakulu agalasi, wogulitsa n'kumayeza pasikelo, magalamu 113 m'kapepala.

York anali ndi mwayi wapadera. Mtsinje wa Ouse unkabweretsa shuga ndi koko kuchokera kudoko la Hull, ndipo njanji itafika mu 1839 katundu ankatha kutumizidwa dziko lonse. Mumzindamu munakula mabanja atatu a maswiti.

Loyamba ndi la Terry. Bizinesi yake inayamba mu 1767 ngati kasitolo ka anthu awiri, Bayldon ndi Berry, kogulitsa makoko a zipatso oviika mu shuga ndi maswiti a chifuwa. Joseph Terry, amene anaphunzira za mankhwala, analowamo mu 1823 atakwatira m'banja la Berry, ndipo patapita nthawi dzina lake ndi limene linatsala pachikwangwani. Mu 1926 banjali linatsegula fakitale yaikulu ya njerwa zofiira pa Bishopthorpe Road, yokhala ndi nsanja ya wotchi yoonekera kutali. Chocolate Orange, chokoleti chooneka ngati lalanje chija chimene mumapatsana pa Khirisimasi, chinabadwira mmenemo mu 1932.

Lachiwiri ndi la Craven, ndipo apa mwini nkhani ndi mayi. Mary Ann Craven anaferedwa bambo ake komanso mwamuna wake, onse ophika maswiti, n'kutsala ndi ana aang'ono ndi mabizinesi awiri m'ma 1860. Anawaphatikiza n'kuyendetsa yekha fakitale ya pa Coppergate kwa zaka zambiri. Ngati munapitako ku Jorvik Viking Centre, mwaponda pamalo pake penipeni. Fakitale itasamuka n'kugwetsedwa, akatswiri ofukula zakale anakumba pamalopo kuyambira 1976 mpaka 1981, n'kupeza nyumba ndi ziwiya za ma Viking pansi pa pamene pankaphikidwa maswiti.

Lachitatu, lalikulu kuposa onse, ndi la Rowntree. Gwero lake ndi golosale imene mayi wina wa mpingo wa Quaker, Mary Tuke, anatsegula mu 1725. Anthu a mpingo umenewu sankalumbira, sankapita kunkhondo, ndipo kwa nthawi yaitali sankaloledwa ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, choncho ambiri analowa malonda. Koko ankamukonda chifukwa ankamuona ngati chakumwa chochotsa anthu ku mowa. Mabanja a Cadbury ku Birmingham ndi Fry ku Bristol analinso a mpingo womwewu. Mu 1862 Henry Isaac Rowntree anagula mbali ya koko ya bizinesi ya a Tuke, koma zinthu sizinkayenda, mpaka mkulu wake Joseph anabwera kudzathandiza mu 1869. Chimene chinawapulumutsa si chokoleti ayi, koma timaswiti tofewa ta zipatso. Mfalansa wina, Claude Gaget, anawabweretsera luso lake, ndipo mu 1881 Fruit Pastilles inatuluka. Ndalama za timaswiti timeneti ndi zimene zinatsegula njira yomangira fakitale yatsopano pa Haxby Road kuyambira 1890.

Joseph Rowntree anali bwana wachilendo pa nthawi yake. Pafakitale panali dokotala, panali wa mano, panali laibulale. Mu 1902 anayamba kumanga mudzi wa New Earswick, nyumba zabwino zokhala ndi dimba, za lendi yotsika. Mu 1906 anakhazikitsa penshoni ya antchito, boma lisanayambe yake. Mwana wake Seebohm anachita kafukufuku nyumba ndi nyumba mu York, ndipo buku lake la 1901 linaonetsa kuti anthu pafupifupi 28 pa 100 aliwonse mumzindamo anali pa umphawi. Anaonetsanso kuti ambiri mwa osaukitsitsa anali m'mabanja a anthu ogwira ntchito, kungoti malipiro anali ochepa. Mukamva pa nkhani kuti bungwe la Joseph Rowntree Foundation latulutsa lipoti la umphawi, dziwani kuti chuma chake chinachokera ku maswiti.

Koma abale, paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti kale zonse zinali zokoma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makampani a Cadbury, Fry ndi Rowntree ankagula koko wa ku zilumba za São Tomé ndi Príncipe, wolimidwa ndi anthu ogwidwa ku Angola amene papepala ankatchedwa a kontirakiti koma kunena zoona anali akapolo. Zinawatengera zaka kuti asiye, mpaka 1909, atapeza kale kogula kwina ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana. Minda ija sinatsekedwe. Apwitikizi anangoyamba kutengako antchito ochokera madera ena, kuphatikizapo Mozambique. Inu a ku South Africa, funsani akuluakulu za Wilson-Rowntree ya ku East London. Mu 1981 fakitale imeneyi inachotsa antchito akuda pafupifupi 500 pa mkangano wa sitiraka, ndipo anthu m'dziko lonselo ananyanyala maswiti ake. Mu 2021 mabungwe a dzina la Rowntree anavomereza poyera mbiri imeneyi. Chifundo cha bwana chinalipo ndithu, koma chinkathera pa geti ya ku York.

Tsono ang'onoang'ono aja anatha bwanji? Sizinachitike tsiku limodzi, ndipo chodabwitsa n'chakuti woyamba kuwameza anali anzawo a m'dziko momwemo.

Choyamba chinali dzina. Chakumayambiriro kwa ma 1930 kampani ya Rowntree inali pafupi kugwa, chifukwa Dairy Milk ya Cadbury inali italanda msika. Mkulu wina wa zamalonda, George Harris, anati tisiye kulimbana nawo pa chokoleti wamba, tipange zinthu zokhala ndi dzina lakelake. Anafunsa anthu zikwizikwi zimene amakonda asanapange chinthu. Zotsatira zake mukuzidziwa: Black Magic mu 1933, Aero ndi KitKat mu 1935, Smarties mu 1937, Polo mu 1948. Kuyambira pamenepo mwana sankalowanso m'sitolo n'kuloza botolo. Ankatchula dzina. Wophika wa m'tawuni, amene switi yake inalibe chikutiro ngakhale dzina, anayamba kuzimiririka m'maso mwa ogula.

Chachiwiri chinali nkhondo. Kuyambira July 1942 maswiti ankagulidwa ndi makuponi, nthawi zambiri magalamu pafupifupi 340 pa milungu inayi. Shuga ankagawidwa ndi boma, mafakitale ena anasanduka a zida. Ku Terry's mbali ina inkakonza mapulopela a ndege. Mu 1949 boma linayesa kuchotsa makuponi, anthu anasesa mashelefu onse, ndipo patangotha miyezi inayi makuponi anabwerera. Anathera pa 5 February 1953. Zaka zoposa 10 zogulitsa mopimira n'zambiri kwa bizinesi ya banja limodzi, ndipo msika utatseguka amene anali ndi ndalama zogulira makina atsopano ndi amene anathamanga.

Chachitatu, wailesi ya kanema. Mu 1955 inayamba ITV, yokhala ndi zotsatsa malonda. Kutsatsa kwa masekondi 30 kunkafika m'nyumba mamiliyoni usiku umodzi, koma mtengo wake wophika wa ku Doncaster sakanaukwanitsa.

Chachinayi, supamaketi. Kale wopanga katundu ankalamula mtengo wogulitsira, moti chokoleti chinali mtengo umodzi m'kasitolo ka pakona ndi m'sitolo yaikulu. Lamulo la 1964 linayamba kuthetsa zimenezi, ndipo pofika kumapeto kwa ma 1960 maswiti nawo anali atalowa mu mpikisano wa mitengo. Supamaketi inayamba kugwetsa mitengo, timasitolo ta maswiti n'kumatsekedwa. Ndiye supamaketi sifuna kuchita malonda ndi ophika 200. Imafuna ochepa otha kudzaza malole sabata iliyonse, dziko lonse, pa mtengo umene yanena iyo. Wamng'ono anatsala ndi njira ziwiri: kugulitsa kampani, kapena kupanga maswiti opanda dzina lake olembedwa dzina la sitolo. Malo omaliza aakulu ogulitsira maswiti oyeza pasikelo anali masitolo a Woolworths, ndipo nawo, oposa 800, anatsekedwa kumapeto kwa 2008 ndi kumayambiriro kwa 2009.

Nsomba yaikulu inayamba kudya yaing'ono, kenako nayo n'kudyedwa. Ku Halifax kunali Mackintosh, kampani imene John ndi mkazi wake Violet anaiyamba mu 1890 ndi tofi wa m'kasitolo kawo, eni ake a Quality Street ndi Rolo. Mu 1969 inaphatikizana ndi Rowntree. Ku Sheffield kunali Bassett's, ya Liquorice Allsorts ndi Jelly Babies, yoyamba mu 1842. Cadbury inaigula mu 1989, chaka chomwecho n'kugulanso Trebor. Ku Pontefract, kumene kunali mafakitale a liquorice khumi kapena kuposerapo, yakale kwambiri ya Dunhills inagwa m'manja mwa Haribo ya ku Germany, ndipo minda ya liquorice inasiya kulimidwa.

Tamverani ulendo wa Terry's, muwerenge nokha eni ake. Mu 1963 banja linagulitsa kwa Forte, kampani ya mahotela. Mu 1977 inapita kwa Colgate-Palmolive. Eya, a mankhwala otsukira mano aja, akupanga chokoleti. Mu 1982 United Biscuits, mu 1993 Kraft ya ku America. Kraft sinkafuna njerwa zofiira zija, inkafuna dzina. Pa 30 September 2005 fakitale inatsekedwa, anthu oposa 300 amene anatsala anataya ntchito, pamalo pamene kale pankagwira oposa 2,000. Ntchito inasamukira ku Poland ndi maiko ena a ku Ulaya. Lero Chocolate Orange imapangidwa ku France, koma pabokosi dzina likadali la Terry.

Ya Rowntree inali yowawa kwambiri, chifukwa kampaniyo sinali kudwala. Inkapanga phindu. Vuto linali lakuti masheya ake anali pamsika, ndipo chimene chili pamsika chili ndi mtengo. Mu April 1988 kampani ya ku Switzerland ya Jacobs Suchard inagula masheya ambiri m'mawa umodzi, Nestlé nayo n'kulowa m'bwalo. Anthu a ku York anasaina zikalata, anachita zionetsero, ena anakwera sitima kukadandaula ku London. Boma la Margaret Thatcher linakana kulowererapo. Mu June chaka chomwecho Nestlé inapambana ndi mapaundi 2.55 biliyoni. Njovu ziwiri zinamenyana, udzu unali anthu a pa Haxby Road. Mu 2006 kunalengezedwa kuti Smarties, itapangidwa ku York zaka pafupifupi 70, isamukira ku Hamburg, ndipo ntchito zoposa 600 zinatha. Fakitale ya ku Fawdon, ku Newcastle, imene inkapanga Fruit Pastilles, inatsekedwa mu 2023.

Cadbury, imene inameza anzake ambiri, nayo inamezedwa ndi Kraft mu 2010 pa mapaundi 11.5 biliyoni. Pa nthawi ya malondawo Kraft inanena kuti ikukhulupirira kuti isunga fakitale yakale ya Fry ya Somerdale, pafupi ndi Bristol. Patangopita sabata imodzi malonda atatheka inabweza mawu, ndipo fakitale inatsekedwa mu 2011. Mkwiyo unali waukulu moti malamulo ogulira makampani ku Britain anasinthidwa pambuyo pake.

Ngakhale shuga weniweniyo anayenda njira yomweyi. York anali ndi fakitale yake ya shuga, ya British Sugar, imene inatsekedwa mu 2007. Mwini wa British Sugar ndi Associated British Foods, ndipo kampani yomweyi inagula gawo lalikulu la Illovo mu 2006, n'kumaliza yonse mu 2016. Ndiye kuti shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amene agogo akuthira mu tiyi m'mawa uno, ndi Silver Spoon amene ali m'kabati yanu ku Manchester, likulu lawo ndi limodzi ku London.

Wina afunsa kuti, nanga chatayika n'chiyani, popeza maswiti akupezekabe, otsika mtengo, aukhondo? Funso labwino. KitKat ikupangidwabe ku York, mamiliyoni tsiku lililonse, ndipo mphepo ikaomba bwino mzinda umanunkhirabe koko. Koma pa nthawi ina Rowntree inkalemba anthu pafupifupi 14,000 mumzindamo, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana, ndipo lero otsala ndi kagawo kochepa chabe. Makina atenga gawo lina, zimenezo n'zoona, ndipo zikanachitika ngakhale kampani ikanakhala ya banja. Chimene chinasintha ndi kumene chiganizo chimapangidwira. Joseph Rowntree ankayenda m'misewu imodzi ndi anthu amene ankawalipira. Akachotsa munthu ntchito ankakumana naye, kapena mayi ake. Lero chiganizo chotseka fakitale chimapangidwa ku Vevey kapena ku Chicago, ndi anthu amene kwa iwo York ndi mzere umodzi pa kompyuta.

Ndipo mukudziwa chimene chili m'nyumba za Terry's lero? Fakitale yaikulu ija ndi mafulati odula. Nyumba imene inali maofesi a mabwana ndi malo osamalira okalamba. Ambiri a ife tikugwira ntchito zoterozo, zosamalira okalamba, za m'nyumba zosungira katundu, za mashifiti a ejensi. Mukamasambitsa gogo wa ku Yorkshire n'kumakuuzani kuti anagwira zaka 30 akulongedza chokoleti m'mabokosi, mumvetsereni. Akukuuzani za mtundu wa ntchito umene unatha inu musanafike: kulowa uli ndi zaka 14 kapena 15, kutuluka ndi penshoni, amayi ako ndi azakhali ako ali pa mzere womwewo. Mukadabwa chifukwa chake matawuni ena a kumpoto ali ndi mkwiyo umene nthawi zina umagwera pa ife obwera, mbali ina ya yankho ili m'mageti otsekedwawa. Sife tinawatseka, koma ndi bwino kudziwa amene anatseka.

Komabe si onse anatha. Ku New Mills, ku Derbyshire, kuli Swizzels, ya Love Hearts ndi Drumstick, imene inathawa mabomba a ku London mu 1940 n'kukhazikika m'fakitale yakale ya nsalu, ndipo ikadali ya banja. Ku Wigan akuphikabe Uncle Joe's Mint Balls, switi imene inayambira m'khitchini ya banja la Santus mu 1898. Ku Kendal kuli Romney's, imene mint cake yake anainyamula Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay pokwera phiri la Everest mu 1953. Ku Fleetwood banja la Lofthouse linatenga switi ya chifuwa ya asodzi, Fisherman's Friend, n'kuigulitsa dziko lonse lapansi osachoka m'tawuni yawo. Mukawayang'ana onsewa muona zofanana. Masheya sanawaike pamsika, anagwiritsitsa chinthu chimodzi kapena zochepa zimene amazidziwa bwino, ndipo sanathamangire kukula kuposa msinkhu wawo. Inu amene mwayamba tima bizinesi tanu kunja kuno, ogulitsa ufa, kapenta, tsabola wa kambuzi m'mabotolo, pamenepa pali phunziro. Tsiku lina wina adzabwera ndi cheke chachikulu, ndipo mudzayenera kudziwa chimene akugula, kaya ndi ntchito yanu kapena dzina lanu lokha.

Ine sindikuuzani kuti musiye KitKat, inenso sindisiya. Koma mukadutsa ku Pateley Bridge, kumene kuli sitolo ya maswiti imene yakhala ikugulitsa kuyambira 1827, kapena pamsika uliwonse pamene pali munthu woyeza maswiti pasikelo, gulaniko magalamu 100, ndipo mufunse kuti anaphika ndani. Akakutchulirani tawuni yapafupi, mwapeza mmodzi mwa otsala.

Tsopano mpira uli kwa inu. A ku South Africa, Chappies ija munkawerenga mafunso a m'kati mwa chikutiro chake inayamba ngati ya kampani ya konko, lero ili m'manja mwa Mondelez. A ku Zimbabwe, a ku Zambia, a ku Malawi, ndi switi iti imene munkagula pa okala popita kusukulu, ndipo ikupangidwabe? Ndani akuipanga? Funsani makolo anu, mutilembere, tidzawerenga mayankho anu m'gawo likubwerali. Mutsuke mano musanagone, tionana sabata ya mawa.